Mitu ya Mpasa pa Chipata cha Kazuni

Uthenga wa Asiyatu unandipeza ndili kumunda, ndikupirikitsa mbalame mu mpunga. Unali waufupi: "Ababa, mvula yatha kuno, msewu ukudutsika. Ngati mungathe, bwerani mudzaone nyanja yathu." Ndinauwerenga, ndinabweza foni m'thumba, ndinazungulira munda kamodzi, kenako ndinakhala pansi n'kuuwerenganso.

Asiyatu ndi mwana mmodzi yekha amene Mulungu anatisiyira ine ndi malemu mkazi wanga, a Patuma. Amagwira ntchito yolondera nyama m'nkhalango yotetezedwa kumadzulo kwa Rumphi, kumene kuli kanyanja kotchedwa Kazuni. Mayi ake atamwalira chaka chatha, iye anali m'tchire ndi anzake a kuntchito, kumalo kumene foni sigwira. A Patuma anatisiya m'mawa. Ife Asilamu sitigoneka maliro, choncho pofika swala ya Alasiri, dzuwa litapendeka, tinali titaika kale. Asiyatu anafika patapita masiku, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Anaima pakhomo n'kunena mawu amodzi okha: "Simunandidikire." Ine ndinayankha kuti, "Malamulo ukuwadziwa, mwana wanga." Anakagona kwa azakhali ake, n'kubwerera kumpoto. Ku sadaka ya mayi ake sanabwere. Kuyambira pamenepo foni zathu zinali za "Mwadzuka bwanji" ndi "Ndadzuka," basi.

Choncho ndinadziwa kuti ulendowu sunali wokaona njovu. Ndikanapita n'kubwerako tili monga tinalili, ndiye kuti mkazi ndinaika, mwananso ndataya.

Munthu wa kunyanja sapita kwa mwana wake chimanjamanja. Inali nyengo imene mpasa imakwera mtsinje wa Bua, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati imeneyi a Patuma ankawamba nsombazi n'kutumiza kwa Asiyatu pa basi. Ndinapita kumathiriro a mtsinje n'kugula nsomba zinayi zazikulu bwino. Ndinali ndisanawambepo nsomba ndi manja anga chibadwire, koma ndinali nditaonerera zaka zambiri. Ndinazing'amba kumsana, ndinathira mchere, ndinasonkha moto wa nkhuni za mango, n'kuwaza mankhusu a mpunga pamakala kuti utsi uchuluke. Zitatu zinatuluka bwino, zofiirira ngati za a Patuma. Yachinayi inapserera kumchira chifukwa ndinachokapo kukaswali. Ndinazikulunga m'masamba a nthochi, ndinaziika m'katoni ya sopo, n'kumanga ndi chingwe.

Ndinanyamuka nditaswali Subuhi m'bandakucha, n'kukaima pamsewu pafupi ndi mlatho wa Bua. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza mpaka anthu kulendewera pakhomo. Yachiwiri inaima.

"Mzuzu! Mzuzu! Kwerani a Shehe, malo alipo!" anakuwa kondakitala ataona kofiya yanga.

"Sindine shehe, bambo. Ndine mlimi."

"Lero ndinu shehe. Mutipempherere mafuta."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala chabe. Anafuna kutenga katoni yanga kuti aiike kumbuyo, pansi pa matumba a mpunga, koma ndinakana. Ndinati ikhala pamiyendo panga.

"Ndiye ilipira ngati katundu."

"Miyendoyi ndailipirira kale," ndinatero. Anthu anaseka, iye n'kundisiya.

Pa Dwangwa tinaima nthawi yaitali. Dalaivala ankaliza injini, n'kusuntha pang'ono ngati akunyamuka, kenako n'kubwerera pomwe paja. Amuna atatu amene anakhala kutsogolo kwanga anali okhalamo chabe kuti galimoto ioneke yodzaza. Munthu weniweni akakwera, mmodzi wa iwo ankatsika. Malole a nzimbe ankadutsa, fungo la nzimbe zopsa lili ponseponse. Pamenepo ndi pamene anakwera anthu awiri amene ndinayenda nawo tsiku lonselo. Woyamba anali bambo wamfupi wolankhula mokweza, a Namakhwa, kwawo ku Phalombe, amene anati adula nzimbe pa Dwangwa kuyambira ali ndi tsitsi lonse. Wachiwiri anali mayi wa Chitonga, a Nyachirwa, ali ndi tiana tiwiri takatsikana, akubwerera kwawo ku Chintheche.

A Namakhwa asanakhazikike n'komwe ananunkhiza m'mwamba.

"Muno muli mpasa. Musandinamize, mphuno yangayi sinapume pa ntchito. Ndani wanyamula mpasa?"

Maso onse anagwera pa katoni yanga.

"A Shehe, mukudziwa kuti kununkhiritsa anthu osawapatsa ndi tchimo?"

"Ndi za mwana wanga," ndinatero.

"Inenso ndine mwana wa munthu."

Tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Tinadutsa Ngala, tinawoloka Dwambazi, n'kulowa m'boma la Nkhata Bay. Tisanafike pa Tukombo injini inayamba kutsokomola, kenako inazima, galimoto n'kuyenda yokha mwakachetechete mpaka pansi pa mtengo wa mango. Dalaivala sanatsegule n'komwe kuti aone chavuta n'chiyani. Ankadziwa. Anatulutsa chigubu pansi pa mpando, anaimitsa njinga yamoto, n'kutiuza kuti akubwera pompano.

"A Shehe sanapemphere," anatero kondakitala.

Pompano wa dalaivala anatenga dzuwa kuchokera pamutu mpaka kulipendeketsa. Tinamva pambuyo pake kuti pamalo oyamba anapeza mafuta atatha, ndipo pachiwiri anapeza mzere wa magalimoto ndi zigubu. Ena mwa ife anafuna kuti abwezeredwe ndalama zawo, koma kondakitala anaonetsa matumba opanda kanthu, akuti zonse zapita ndi chigubu. Awiri anakwera lole ya makala. Otsalafe tinakhala pamthunzi, tikusuntha nawo pamene unkasuntha.

Nthawi ya swala ya masana ya Zuhuri itakwana ndinapempha madzi panyumba ina yapafupi. Katoni ndinaisiya m'manja mwa a Nyachirwa.

"Mwachita bwino osandisiyira ine," anatero a Namakhwa. "Mukanapeza masamba a nthochi okha, ine ndikuti kunabwera akabawi."

Nditabwerako ndinapeza tiana tija tikulira ndi njala. Mayi wawo anali atagula chinangwa chophika panyumba yomwe ija, koma kamng'ono kankangochitafuna n'kulavula, chouma kukhosi. Ndinayang'ana kumbali kanthawi. Ndinadziuza kuti nsombazi zili ndi mwini wake. Koma nditangochoka kumene pamaso pa Mulungu, sindikanatha kukhala pa katoni ya ndiwo mwana akulira pambali panga. Ndinamasula chingwe, ndinatulutsa imodzi mwa zabwino zija, ndinatenga kampeni kanga n'kudula mutu. Mutuwo ndinaubweza m'masamba, thupi lonse n'kupereka kwa a Nyachirwa kuti agawe.

A Namakhwa anagwira m'chiuno.

"Ha! Mwatipatsa nyumba n'kuchotsa denga! Nsomba ndi mutu, bambo inu. Kodi kwanu kuno amadula chotere?"

Ndinangomwetulira. Sindinawauze chifukwa, koma pano ndinena. Kwathu mutu wa nsomba ndi wa bambo wa pakhomo. Koma Asiyatu, kuyambira ali wamng'ono, ankakonda mutu wa mpasa kuposa chilichonse. Mayi ake ankaubisa m'kambale kukhitchini, ndipo akamanditula ndiwo ankati, "Pepani bambo, mutu watengedwa ndi mphaka." Zaka zonse zimene mwanayo anakulira pakhomo pathu, ine mutu wa mpasa sindinaulawe. Pakhomo pathu sitinawetepo mphaka. Sindinafunsepo, ndipo awiriwo ankayesa kuti sindidziwa.

Nsombayo inakwanira anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Kondakitala nayenso anatambasula dzanja. Akunyambita zala, a Namakhwa anandifunsa kumene ndinkapita, ndipo ndinawauza kuti mwana wanga wandiitana kukaona nyanja ya Kazuni.

"Imani kaye. Munthu wa ku Nkhotakota mukulipira basi kukaona nyanja ku Rumphi? Ndiye kuti ine wa ku Phalombe ndipite ku Salima kukaona phiri!"

Onse anaseka, inenso ndinaseka. A Nyachirwa anadikira kuti phokoso lithe, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Amayi ake atsala kunyumba?"

"Anatisiya chaka chatha."

"Pepani, ada. Ndiye mwawamba nokha?"

"Ndekha."

"Mwaitha," anatero, n'kupukuta pakamwa pa kamwana kaja ndi nsonga ya chitenje.

Dalaivala anabwera ndi chigubu chosadzaza, ali wokwiya ngati kuti ife ndi amene tinamwa mafutawo. Tinapitirira. Pa Chintheche a Nyachirwa anatsika, tiana tija tikundibayibitsa. Tinadutsa m'mitengo ya mphira, tinasiya njira ya ku doko la Nkhata Bay, n'kuyamba kukwera mapiri. Pokwerapo dalaivala ankangoyang'ana kasingano ka mafuta, ife tikuyang'ana dalaivala. Mphepo inasintha, ndipo mkanjo wanga wa kunyanja unayamba kuchepa mphamvu. Tinalowa mu Mzuzu magetsi atayaka kale, magalimoto a ku Rumphi atatha. A Namakhwa ananditsanzika pa depoti ndi mawu akuti, "Mukapereke moni kwa ng'ona za ku Rumphi, mukaziuze kuti kwanu kuli zazikulu."

Ndinafunsa njira ya ku mzikiti. Mkulu wosamalira pamalopo, munthu wachikulire kuposa ine, anandipatsa pogona m'kachipinda ka alendo, bulangete lochindikala ndi tiyi wotentha. Ndinalembera Asiyatu kuti galimoto inatichedwetsa, ndagona ku Mzuzu. Anayankha kuti, "Chabwino." Ndinayang'ana mawuwo kanthawi, ngati kuti atalikirapo.

M'mawa titaswali, ndinafuna kuthokoza mkulu uja. Ndalama anakana, akuti mlendo ndi wa Mulungu. Ndiye ndinamasulanso chingwe. Anandiyang'ana ndikudula mutu n'kuubweza m'katoni, ndipo sanafunse kanthu. Anangoti, "Mwini mituyo akailandire bwino, Insha Allah."

Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Rumphi kunalibe vuto. Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, kenako tinakhota n'kuwoloka mtsinje wa Rukuru pamene umadutsa pakati pa mapiri awiri. Chichewa chinayamba kuchepa m'galimoto, Chitumbuka n'kuchuluka. Ndinaphunzira kuyankha "Tili makora" ndi "Yewo," ndipo ndi mawu awiriwa ndinafika pa boma la Rumphi.

Pamenepo panali kudikira kwina. Galimoto za ku Kazuni ndi za matola, zotsegula kumbuyo, ndipo sizinyamuka mpaka katundu atafika pamene mwini wake wakhutira. Inali nyengo ya fodya, anthu ali ndi ndalama, ndiye aliyense anali atagula kanthu: malata, matiresi, njinga yatsopano yokulungidwabe m'mapepala, makireti a zakumwa. Anthufe tinakwera pamwamba pa zonsezo. Ine ndinapeza malo pa thumba la mchere, moyang'anizana ndi mayi wina wovala magalasi, a Nyagondwe, mphunzitsi wa pulayimale amene anagwirapo ntchito ku Kasungu ndipo Chichewa ankachilankhula bwino. Phula litatha linayamba fumbi. Ndinavundikira katoni ndi mpango wanga, ine n'kumeza fumbilo.

Titayenda ndithu tinapeza masamba atayalidwa modutsa msewu, chizindikiro cha maliro. Dalaivala anachepetsa liwiro, amuna anavula zipewa. Koma m'malo modutsa, anaimitsa galimoto pambali n'kuzimitsa. Anatsika, ananena mawu pang'ono m'Chitumbuka, n'kulunjika kunyumba ya maliro.

"Akuti omwalirawo ndi amalume ake," anandimasulira a Nyagondwe. "Sangadutse ndi galimoto ngati mlendo. Tidikira mpaka aike."

Palibe anadandaula. Tonse tinatsika, n'kukakhala kumbali ya bwalo, amuna kwawo, amayi kwawo. Patapita nthawi bokosi linatuluka, nyimbo zili pakamwa, ndipo pambuyo pake pankayenda bambo wina wa jekete lachikopa, anthu awiri atamugwira m'mikono. Gulu litapita kumanda, ndinabwerera kugalimoto kukaona katoni yanga, ndipo ndinapeza a Nyagondwe atakhala pamthunzi wa matiresi aja.

"Uja wa jekete ndi mwana wawo woyamba," anatero. "Amakhala ku Joni. Bambowa anamwalira sabata yatha, thupi linali kuchipatala kumudikira iyeyo. Wafika dzulo."

"Sabata yonse?"

"Nanga akanaika bwanji mwana asanaone nkhope?" Kenako anayang'ana kofiya yanga. "Kwanu simudikira, eti?"

"Sitidikira."

"Nanga mwana akakhala kutali?"

"Amapeza titaika."

"Zimawawa," anatero.

"Zimawawa," ndinavomera.

Sindinganene kuti anthu a m'mudzi umenewo analakwa, ndipo sindinganene kuti ife timalakwa. Ife timafulumira chifukwa timakhulupirira kuti womwalira ali pa ulendo ndipo si bwino kumuchedwetsa. Iwo amadikira chifukwa cha otsala. Koma ndinali nditaona nkhope ya bambo wa jekete uja. Ankalira ngati munthu amene wapatsidwa malo olirira. Mwana wanga anapeza bwalo litasesedwa, mikeka itapindidwa, ine ndili pakhonde ndi mikanda ya tasibihi m'manja. Zimenezi ndinali ndisanaziganizirepo kuchokera kumbali yake ya pakhomo.

Anthu atabwera kumanda, apaulendo anzanga anayamba kupereka chipepeso, wina ndalama, wina paketi ya shuga. Ine ndalama zimene ndinatsala nazo zinali za ulendo wobwerera. Munthu sungakhale pa maliro a eni ake, kumwa madzi awo, n'kuchoka osasiya kanthu. Ndinapita kuseri kwa galimoto kumene kunalibe maso, ndinadula mutu wachitatu, n'kukapereka nsombayo kwa amayi a kukhitchini. Ndinapereka yabwino, chifukwa yopserera sungapatse anthu olira. Pomanga chingwe ndinaona zimene zatsala: nsomba imodzi yakuda kumchira, ndi mitu itatu. Ndinanyamuka kwathu ndi mphatso, tsopano ndinali kupita kwa mwana wanga ndi zotsala.

Galimoto inandisiya pamphambano, dalaivala n'kundilozera njira ndi dzanja. Ndinayenda pang'ono ndipo ndinaona mpanda wa waya, kanyumba, ndi chipata. Pachipatapo panaima anthu awiri ovala zobiriwira. Wina anali bambo wa imvi m'ndevu. Winayo, wa mfuti paphewa, anali Asiyatu. Anali ataonda, kapena ndi yunifolomu imene inkamuonetsa choncho.

Anabwera, anapinda bondo pang'ono monga mfuti inamulolera, n'kundipatsa dzanja.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

"Ndayenda bwino, Alhamdulillah. Kaya iwe kuno?"

"Tili bwino. Awa ndi a Mhango, akuluakulu athu pano."

A Mhango anandilandira ndi manja awiri. "Monire, adada. Mwana wanuyu ndi msilikali weniweni. Opha nyama akamva kuti ali pa ntchito ndi iyeyu, amakagona."

Asiyatu sanaseke. Maso ake anali pa katoni.

"Muli chiyani umo?"

"Mpasa."

Asiyatu anayang'ana a Mhango, kenako anayang'ana pansi. "Nsomba kapena nyama yowamba silowa pachipata pano. Ikapezeka m'nyumba ya mlonda, palibe angadziwe ngati yachokera kunja kapena m'nyanja yomwe tikulonderayi." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Malamulo mukuwadziwa, ababa."

Ndinawazindikira mawuwo. Anali anga, ndipo anali atawasunga chaka chathunthu. Anandilowa monga ayenera kuti anamulowera iye tsiku lija. Ndinaona kuti akudikira kuti ndikwiye, kapena ndidandaule za mtunda umene ndayenda.

"Lamulo ndi lamulo," ndinatero. "Usaliphwanye chifukwa cha ine."

"Ndiyenera kuona zimene zili m'katimo."

Ndinaika katoni pansi, kunja kwa chipata. Anagwada, anamasula chingwe, anatsegula masamba a nthochi. Fungo linatuluka, a Mhango n'kumeza malovu mosabisa. Asiyatu anatulutsa nsomba yopserera ija, anaitembenuza, anaiika pambali. Kenako anaona mitu.

"Zinazo zili kuti?"

"Zadyedwa m'njira. Ana anali ndi njala, wina anandipatsa pogona, kwina kunali maliro."

"Nanga mituyi mwasungiranji?"

"Pakhomo pathu sipanakhalepo mphaka, mwana wanga."

Anakhala chigwadire, mutu umodzi uli m'manja. Kenako anavula mfuti paphewa n'kuipereka kwa a Mhango osawayang'ana, anakhala pansi pafumbi monga ankakhalira kukhitchini kwa mayi ake, n'kuphimba nkhope ndi mkono. Ine ndinakhala pambali pake. Sindinamugwire, sindinamuletse. Analira nthawi yaitali, ndipo a Mhango anapita kukayang'ana chinachake kuseri kwa kanyumba kaja.

Atabwerako anatsokomola. "Adada, ine lamuloli ndalisunga zaka zambiri. Limati nsomba isalowe. Silinenapo kanthu za munthu amene wadya nsomba."

Choncho mpasa ya ku Bua tinaidyera kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo, ndi mbatata zimene a Mhango anali atasungira nkhomaliro. Iwo ndi ine tinagawana yopserera ija. Mitu itatu yonse anadya Asiyatu, pang'onopang'ono, akuyamwa fupa lililonse, mphuno ikutuluka madzi.

"Mwapsereza mchira," anatero.

"Ndinapita kukaswali."

"Amayi ankayamba achotsa nkhuni, n'kusiya makala okha."

"Zimenezo sindinazione."

Nyanjayo ndinaiona m'mawa mwake. Ndinene zoona, kwathu tikanaitcha thamanda; munthu umaona tsidya lina bwinobwino, ndipo mulibe bwato ngakhale limodzi. Koma zimene zili m'menemo kwathu kulibe. Mvuu zinali zitaunjikana ngati miyala, nswala zikudya m'mphepete mopanda mantha, ndipo tili chikhalire njovu zinatuluka m'tchire, zazikulu ndi ana awo, n'kutsikira kumadzi osatiyang'ana n'komwe. Ndinati Subhanallah. Asiyatu ankazidziwa imodzi ndi imodzi, iyi ndi yaukali, iyo inataya mwana chaka chatha. Ndinaona kuti ntchito yake amaidziwa ndipo amaikonda.

Njovu zikumwa, anandifunsa osandiyang'ana.

"Amayi anawasambitsa ndani?"

Ndinamuuza. Azakhali ake ndi amayi awiri a ku mzikiti. Ndinamuuza kumene tinagula sanda yowakulungira, amene ananyamula jeneza kupita nawo kumanda, mbali ya manda imene anagona, pafupi ndi mtengo wa mbawa. Anafunsa ngati anavutika pomaliza, ndipo ndinamuuza zoona, kuti usiku anavutika koma m'mawa anapita mwabata. Ankafunsa, ine ndikuyankha, zinthu zimene akanazifunsa chaka chatha ndikanakhala kuti sindinamutseke pakamwa ndi malamulo.

"Ndikanawasambitsa ndine," anatero.

"Ndikudziwa."

"Mukanatha kudikira tsiku limodzi."

"Sindikanatha, Asiyatu. Ngakhale lero sindingathe, ndipo tsiku langa likadzafika anthu sadzakudikira. Sindikufuna kukunamiza. Koma tsiku lonse lija, mpaka tikunyamula jeneza, maso anga anali kumsewu."

Anathyola kaudzu n'kukapinda pakati. Mvuu ina inalira kutsidya.

"Ndiye mukadzangodwala, ngakhale chimfine, mudzaimbe. Foni yanga ikapanda kugwira, mudzaimbire a Mhango, iwo adzanditumira uthenga pa wailesi ya kuntchito. Musadzadikire kuti zikule."

"Ndamva."

"Mwalonjeza?"

"Insha Allah."

"Ayi, ababa. Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza, Insha Allah," ndinatero, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire changa anaseka.

Ndinakhalako masiku pang'ono. Tsiku lobwerera ndinadzuka n'kupeza atavala chitenje ndi mpango kumutu, kachikwama kali pakhomo. Anati wapempha tchuthi, akufuna akaone mtengo wa mbawa uja. Pachipata a Mhango anatulutsa katoni yanga ya sopo, yopanda kanthu, imene anaisunga m'kanyumba kawo. Ndinati aitaye. Asiyatu anaitenga.

"Mpasa sinathe ku Bua," anatero. "Ndikakuonetsani pochotsera nkhuni."

Pa depoti ya Mzuzu kondakitala wina anatithamangira. "Nkhotakota! Dwangwa, Nkhotakota! Muli angati, madala?"

"Awiri," ndinatero.

"Katoniyo ilipira."

"Ikhala pamiyendo," anayankha Asiyatu, n'kukwera patsogolo panga.